Kukwera phiri la Zomba ndi ana aang'ono m'chilimwe: mafunso ndi mayankho

Ndili ndi ana atatu. Wachisamba ali Sitandade 4, wachiwiri wangoyamba kumene sukulu, mzime ngwa kumsana ngakhale masiku ano amakana kuberekedwa pagulu. Timakhala ku Limbe. Chaka ndi chaka, nyenje zikayamba kulira ndipo malata akamathetheka ndi dzuwa, timasankha Loweruka limodzi n'kuthawira kuphiri la Zomba. Anzanga a kumpingo ndi a kubanki mkhonde akaona zithunzi pa WhatsApp amandifunsa zofananafanana, ena mpaka kuimba foni usiku woti mawa akunyamuka. Mayankho ake ndi awa.

Kukutentha chonchi, bwanji osangopita kunyanja?

Kunyanja n'kokoma, sindikana. Koma taganizirani mwana wa zaka ziwiri ali pamiyendo panu kuchokera ku Limbe mpaka ku Mangochi, maola atatu kapena kuposa, kudutsa pa Liwonde masana a Okutobala pamene ngakhale mbuzi zabisala pansi pa ngolo. Mukafika mchenga ukuotcha mapazi. Likakhala tsiku la anakubala, pa 15 Okutobala, gombe lonse ndi anthu okhaokha, ndipo inu simusamba n'komwe, ntchito ndi kuwerenga mitu ya ana m'madzi.

Ku Zomba ndi makilomita osapitirira 70 kuchokera ku Blantyre pa msewu wa M3, ola limodzi ndi kanthu. Kumtunda kwake kumazizira. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Malumbe, yaitali kuposa zonse paphiripo, imapitirira mamita 2,000. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera. N'chifukwa chake mumachoka pa depoti thukuta lili kamukamu, koma pofika pa hotela ya Ku Chawe, pamwamba pa phiri, mwana akufuna juzi.

Mwezi wabwino ndi uti?

Kwa ine ndi Seputembala. Chisanu chatha, dzuwa silinafike poswa mtengo, mitengo ya jakaranda m'tauni yachita maluwa, ndipo m'mapiri mombo ndi tsamba zaphukira masamba ofiira aja onga moto. Sitiroberi nazo zimakhala zapsa.

Tchuthi chachitali cha Ogasiti n'chabwino chifukwa ana sali pasukulu, koma chiperoni chimatha kukudzidzimutsani: nkhungu ndi mvula yowaza tsiku lonse, osaona ngakhale mtengo wapatsogolo panu. Okutobala ali ndi vuto lake. Anthu amakhala akutentha tchire, ena posaka mbewa, ena pososa, ndiye utsi ndi fumbi zimaphimba chigwa chonse. Mumakwera kuti mukaone phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa, n'kungoona mbuu. Ubwino wake madzi m'mitsinje amakhala atachepa, zomwe kwa kholo la mwana wamng'ono ndi nkhani yokoma. Novembala akalowa samalani ndi chizimalupsa. Mitambo ikayamba kuunjikana masana, tsikani, chifukwa pamwamba pa phiri si malo odikirirapo ziphaliwali.

Mwana wa zaka zingati angapite?

Wina aliyense, bola muvomereze kuti ulendo wonse uyendera miyendo ya wamng'ono kwambiri. Wa kumsana savuta, amagona. Wovuta ndi wa zaka zitatu kapena zinayi: kubereka walemera, kuyenda satha mtunda, ndipo mantha alibe.

Tinyamuke nthawi yanji?

6 koloko m'mawa muli pamsewu. Ana adye phala kunyumba, osati tchipisi cha pachiwaya, chifukwa makhotamakhota okwerera phiri amautsa mseru. Wachiwiri wanga anatiphunzitsa zimenezi pa mpando wakumbuyo, ndipo kuyambira tsiku limenelo jumbo yopanda chibowo imakhala m'manja mwanga tikangodutsa tauni. Pobwerera, 3 koloko mwayamba kutsika. Msewu wa Zomba usiku, ndi njinga zopanda magetsi pa Thondwe ndi pa Namadzi, si woyendapo dalaivala wotopa ana akulira kumbuyo.

Tilibe galimoto. N'zotheka?

N'zotheka ndithu, ife maulendo awiri oyamba tinayenda choncho. Minibasi za ku Zomba mumakwerera ku Limbe. Mulipirireni mwana wamkulu mpando wake, musamuike pamiyendo pofuna kupulumutsa ndalama, chifukwa miyendoyo ikhala kale ndi mzime ndi chikwama. Mukafika ku Zomba pezani takisi kapena Sienta yoti ikukwezeni.

Apa ndiye pofunika kukambirana momveka galimoto isanalize injini. Mtengo umene mwagwirizanawo ndi wokwera pokha kapena ndi wobwerera womwe? Akusiyani pati, pa hotela kapena pa mathithi? Adikira kapena abweranso, ndipo nthawi yanji? Tengani nambala yake, muyiimbe ali pomwepo kuti muone ngati ikulowa. Ndalama ya pobwerera mumupatse mutabwerera. Tsiku lina dalaivala wina tinamupatsa zonse m'mawa chifukwa ankaoneka waulemu, "Mayi musadandaule, 3 koloko ndili pano." Tinatsika ndi lole ya matabwa dzuwa litalowa, mzime ali kumsana, bambo ake atakumbatira awiri enawo.

Kabaza wa njinga yamoto ndi ana, ayi. Ngakhale akutsitsireni mtengo motani. Ndipo wina akakuuzani za njira yachidule ya Potato Path, imene alimi a mbatata ya kachewere amatsikira ndi katundu pamutu, dziwani kuti ndi chikweza cha anthu ozolowera. Mwana wa kumkaka sangaithe.

Nanga oyendetsa okha, msewu uli bwanji?

Kuchokera m'tauni kufika pa Ku Chawe ndi tala, galimoto yaing'ono imakwera bwinobwino. Thirani mafuta m'tauni, kumtunda kulibe pothirira. Msewuwo ndi wopapatiza, mbali ina ndi phompho, ndipo simuli nokha: amayi amatsika atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa galimoto yanu, anyamata amatsetsereka ndi njinga zosanjikiza nkhuni mpaka kupitirira mutu, ndipo munthu wotereyu sangaime mwadzidzidzi. Lizani hutala pa khona iliyonse.

Potsika ikani giya yotsika, 2 kapena L, injini igwire yokha galimoto. Mukamangoponda mabuleki njira yonse amatentha, mumayamba kumva fungo la chinthu chopserera, kenako phazi limangolowa. Kupitirira pa hotela misewu yambiri ndi yafumbi. M'chilimwe ina imayendeka, koma yopita kumalo oonera patali imafuna galimoto yokwera m'mimba.

Pa tsiku limodzi tingaone malo angati?

Awiri. Mukakakamira, atatu.

Ulendo wathu woyamba pa galimoto ndinalemba pepala: damu la Mulunguzi, Mandala Falls, maiwe a nsomba za trout, Williams Falls, Queen's View, Emperor's View. Ndinkafuna ndalama ya mafuta ibwerere. Tinafika pa mtsinje cha m'ma 9, ana anavula nsapato, wachisamba anayamba kumanga kadamu ka miyala, wachiwiri akuponya timitengo kumtunda n'kumathamangira kumunsi kukationa tikutuluka. Patangotha mphindi 20 ine ndinayamba: "Tiyeni, tiyeni, kwatsala kwina." Anachoka akulira. Malo achiwiri analira pofika, achitatu analira pochoka. Pamene tinkafika ku Emperor's View onse anali atatupa, bambo awo sakundiyankhula, chigwa chili mbuu ndi utsi. Ine ndikuloza, "Onani uko, kumene kuja ndi ku Chilwa," wachiwiri atandifulatira, wanjuta, akuyang'anitsitsa gulo wa mutu wobiriwira amene ankagwedeza mutu pa tsinde la mtengo. Anamuyang'ana mpaka tinanyamuka. Tsiku lonse lija, nthawi yokhayo imene anakhala chete ndi imeneyo.

Masiku ano timachita chonchi. M'mawa, mphamvu zikadalipo, timalunjika kumtsinje wa Mulunguzi, kawirikawiri pa Williams Falls, n'kukhala pomwepo mpaka njala iwawe. Timayala chitenje, timadya, mzime amagona. Potsika timaima pa damu pang'ono, timagula zipatso, basi. Malo otsalawo timasinthasintha chaka ndi chaka. Phiri silisamuka.

Pa Williams Falls ana angasambe?

Kusewera m'madzi ofika m'mawondo, inde, wamkulu ali m'madzi momwemo, osati ali pamwala akujambula. Mathithiwa ndi otsika mwa masitepe ndipo m'chilimwe madzi sakhala aukali. Choopsa ndi ndere. Mwala wooneka wouma m'mbali umakhala woterera ngati therere pamene pakudutsa madzi, ndipo mwana akaterereka chimayamba kugunda ndi nkhongo. Asakwere masitepe a mathithiwo ngakhale aone achinyamata akukwera. Madziwo ndi ozizira zedi, ngakhale mu Okutobala. Milomo ikayamba kuda, mano akugundana, mutulutseni mumufunditse, ngakhale akane kuti sakumva kuzizira. Amakana onse.

Mvula ikagwa kumtunda mtsinje umadzaza mofulumira ngakhale pamene mwakhalapo pasanadonthe. Madzi akayamba kusintha mtundu kapena kubwera ndi zinyalala, chokanipo.

Nanga pa damu?

Kuona kokha. Damu la Mulunguzi linamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ndi limene Southern Region Water Board imatengako madzi a m'mipopi ya mzinda wa Zomba. Ndi lakuya, lozizira, ndipo m'mbali mwake mumatsetsereka mwadzidzidzi. Gwirani mkono wa wamng'ono. Wachisamba wanga anadabwa kumva kuti madzi amene azakhali ake a ku Matawale amatunga pampopi amachokera pamenepa, ndipo anafunsa funso limene ndinasowa poyambira: ngati mitengo ya m'mbali yonse itadulidwa, madziwo azichokera kuti? Akuona yekha. Paini amene ali paphiripo si wachilengedwe, anadzalidwa ndi a zankhalango kuti azicheka matabwa, ndipo malo ambiri amene anakololedwa kapena kupsa ndi moto ali mbee, zitsa zokhazokha. Nkhalango yachilengedwe yatsalira makamaka m'mphepete mwa mitsinje. Mwana akafunsa musamunamize.

Emperor's View ndi Queen's View, n'koyenera kuvutikira ndi ana?

Kumwamba kukakhala koyera, ndipo ana anu apitirira zaka zisanu ndi chimodzi, pitani. Mumaona tauni yonse pansi ngati timabokosi ta machesi, chigwa cha Phalombe, nyanja ya Chilwa, ndi Mulanje atatsekereza kum'mwera chakum'mawa. Mayinawo ali ndi mbiri yake. Queen's View ndi chikumbutso cha ulendo wa Queen Elizabeth wamkulu, mayi wa Elizabeth II, amene anafika ku Nyasaland mu 1957. Emperor's View ndi ya Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, amene anacheza m'dziko muno mu 1965, yemwe uja dzina lake lili pa msewu wa pakati pa Blantyre. Malo awiriwa ndi oyandikana, mukafika pena mwafika ponse.

Kwa mwana wa zaka zitatu, kuona patali si kanthu. Iye amaona chimene angachigwire. Ndipo malowa ali m'mphepete mwa phompho, choncho inu mukhala mukukuwa "bwerera" m'malo mopuma.

Tamva za Chingwe's Hole. Tiwatengereko?

Ine sindinawatengereko ndipo sindikufulumira. Ndi dzenje lakuya kumadzulo kwa phiri, mbali yoyang'ana kuchigwa cha Shire, kutali ndi hotela ndipo msewu wake ngwovuta. Kukamwa kwake kwabisika ndi mitengo ndi zitsamba, moti munthu umalizindikira uli kale pafupi. Nkhani imene imakambidwa ndi yoti kalekale ankaponyamo anthu, ena amati akhate, ena amati adani a mafumu. Mnyamata wina wolondolera alendo anayamba kuifotokoza ana anga ali pomwepo, ndipo wachiwiri anagona pakati pa ine ndi bambo ake masiku atatu. Dzenje asanalione n'komwe.

Tinyamule kamba wanji?

Wa kunyumba. Kumtunda kuli hotela ya Sunbird Ku Chawe, chakudya chilipo, koma banja la anthu asanu mukadya kumeneko bajeti ya mwezi imva kuwawa. Ife timanyamula mbatata yophika, mazira owiritsa, chigumu kapena zitumbuwa, nthochi, mtedza wokazinga wa akuluakulu ndi wachisamba yekha, chifukwa wamng'ono angatsamwe nawo. Mpunga wa nyama umafuna mbale, masupuni ndi posamba m'manja, ndipo ukakhala m'galimoto yotentha kuyambira m'mawa umatha kusasa.

Madzi ndiye nyamulani ambiri kuposa mmene mukuganizira, malita asanu pa banja ngati lathu, ena akumwa ena osamba m'manja. Botolo limodzi ligone mufiriji kuti liume, lizisungunuka m'njira. Sobo musungunuliretu kunyumba. A mumtsinje amaoneka oyera ngati galasi koma kumtunda kwake kumadutsa anthu ndi nyama, asamwe.

Zootcha nyama pansi pa paini m'chilimwe, iwalani. Masamba ake ouma aja amayaka ngati athiridwa palafini, ndipo mphepo ya paphiri sichedwa kuutenga moto.

Zipatso zogulitsa m'njira zija n'zabwino?

N'zimene ana anga amadikira chaka chonse. Mukamayandikira ku hotela mumakumana ndi anyamata ndi atsikana atanyamula timbale ta sitiroberi, mabulosi ofiira ndi achikasu, magalagadeya, nthawi zina mbatata ya kachewere. Galimoto ikangoima mawindo onse amadzaza mbale. "Anti, gulani kwa ine, izi n'zothyola lero." Sankhani mmodzi kapena awiri mwachangu, mukazengereza mpikisano umakula ndipo mzime amayamba kulira ndi phokoso. Yang'anani zapansi pa mbale, poti zokongola amaika pamwamba, monga amachitiranso wa tomato mumsika wa Limbe. Tsukani ndi madzi anu musanapatse mwana. Gulani potsika, osati pokwera, chifukwa mabulosi akakhala m'galimoto tsiku lonse amasanduka phala.

Kunenerera kulipo, koma musafinye mpaka magazi. Mwana amene akukugulitsaniyo wayenda mtunda umene wanu sangauthe. Ena amagulitsa miyala yonyezimira yokumbidwa m'phirimo. Kamodzi kakang'ono n'kokwanira, ndipo kasafike m'manja mwa woika zinthu m'kamwa.

Kuli nyama zoopsa?

Zimene mukumane nazo ndi anyani ndi apusi. Sayamba munthu, amafuna chakudya, ndipo amadziwa bwino kuti chofooka pagulu ndi mwana wogwira nthochi. Musawaponyere kanthu ngakhale ana achonderere. Mukampatsa mmodzi, mukweza maso n'kupeza mtundu wonse wakuzungulirani. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka, mawindo a galimoto otseka. Nyani wamkulu akalunjika pa chakudya, msiyireni, nyamulani mwana. Akaluma kapena kukanda, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndipo thamangirani ku Zomba Central Hospital tsiku lomwelo, chifukwa cha chiwewe.

Nanga tizilombo ndi zoyabwa?

Izi ndiye zimaononga ulendo kawirikawiri kuposa anyani. Linthumbwi limakonda malo a chinyontho m'mbali mwa mtsinje. Musanayale chitenje yang'anani pansi ngati pali mzere wakuda ukuyenda. Mwana akayamba kudumphadumpha n'kumakuwa popanda chooneka, musafunse zambiri, muvuleni kabudula kapena thalauza, linthumbwi limakwera mwakachetechete n'kulumira pamodzi likafika kumtunda. Muzichotsa imodziimodzi, kukutumula sikuthandiza chifukwa zimakanirira.

Chitedze chimauma nyengo yomweyino, makamaka m'tchire la m'munsi mwa phiri. Aonetseni ana chithunzi chake musananyamuke, chifukwa zikhokhombe zake zaubweya zimaoneka zokoma kugwira. Chikamugwera, muvuleni chovalacho muchiike pachokha mu jumbo, asakande, ndipo musamupukute ndi chitenje chimene muberekere mzime. Za njoka lamulo ndi limodzi: mwana asapise dzanja kuphanga kapena pansi pa mwala, ndipo wamkulu azitsogola m'njira.

Avale chiyani?

Nsapato zotseka zogwira pansi, osati mapatapata kapena zatsopano za ku tchalitchi. Juzi aliyense, chipewa aliyense, zovala zosinthira chifukwa anyowa basi. Malaya owala, ofiira kapena achikasu, amathandiza kumuona mwana pakati pa mitengo. Zitenje zitatu: choberekera, choyala, chopukutira. Ngolo yokankhira mwana isiyeni kunyumba, m'njira za mizu ndi miyala mudzainyamula ndinu.

Kuzizira kwa kumtunda kumapusitsa, dzuwa lake limaotchabe khungu. Ngati muli ndi mwana wachialubino, chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta ake oteteza kudzuwa zisatsale, ndipo muzimudzozanso akatuluka m'madzi.

Mwana akafuna kuchimbudzi?

Adzafuna, ndipo adzafuna mutangochoka pamene panali chimbudzi. Onse alowe musananyamuke m'tauni. Pa hotela, gulani chakumwa kenako pemphani mwaulemu. Kutchire, pitani naye kutali ndi mtsinje, kumbani, kwirirani. Madzi amenewo akumwa anthu kumunsi. Matewera otaya aja abwerere nanu mu jumbo. Palibe chonyansa ngati kufika pa mathithi okongola n'kupeza thewera la mwana wa wina litakodwa pa muzu.

Ndalama tikonze zingati?

Zigawo zake ndi izi: mayendedwe, amene amadya gawo lalikulu, kandalama kolowera pa geti ya a zankhalango, wolondolera ngati mwamutenga, zipatso, ndi yapadera yosakhudza, yoti galimoto ikakukhumudwitsani mupeze potulukira. Nyamulani ndalama zing'onozing'ono, ma K500 ndi ma K1,000. Mukatulutsa K5,000 pogula kambale ka mabulosi, wogulitsa amathamanga kukasaka chenje kwa anzake ndipo inu mumangodikira. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza m'tauni, koma m'zigwa za paphiri netiweki imabwera n'kupita.

Wolondolera njira ngofunika?

Ngati mukungofika pa damu ndi pa mathithi pa galimoto, ayi. Ngati mukufuna kuyenda wapansi m'nkhalango, mutengeni. Amapezeka pafupi ndi hotela. Njira za odula matabwa ndi otola nkhuni n'zambiri ndipo zimafanana, nkhungu ikatsika simudziwanso kumene mwachokera. Safunsa anadya phula. Gwirizanani mtengo poyamba, ndipo muuzeni zaka za ana. Wabwino amakuuzani zoona. Wathu wa chaka chatha anayang'ana wachiwiri, n'kuyang'ana nsapato zake, n'kunena kuti, "Mayi, awa ulendo wa ola limodzi wawakwanira." Kenako anamudulira kandodo, ndipo mwana amene amalira kuyenda kuchokera kunyumba kufika pa grosale anayenda njira yonse akutsogola, "Ankolo, uku?"

Ana a aneba akufuna kutsagana nafe. Tiwatenge? Nanga agogo?

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pa mwala woterera manja ali awiri okha. Muyeso wanga ndi wakuti mwana aliyense wosafika zaka zisanu akhale ndi wamkulu wakewake. Mtsikana wa zaka 12 si wamkulu, nayenso wabwera kudzasewera. Mukatenga wa eni, makolo ake adziwe kumene mukupita, kuti kuli madzi, ndi nthawi yobwerera, ndipo akuuzeni ngati ali ndi mphumu kapena matenda akugwa.

Agogo atengeni. Amakhala pa chitenje kulondera zikwama ndi mzime akagona, ndipo amadziwa mayina a mitengo amene ife a m'tauni tinaiwala. Apongozi anga anathyola tsamba, kulifikisa, kununkhitsa ana, n'kuwauza chimene linkachiza kwawo. Afunseni za mawondo ndi BP musanawayendetse chikweza.

Ngati kukwera phiri kwatikanika, m'tauni muli choona?

Chilipo, ndipo kwa ana osafika zaka zinayi mwina n'chabwino kuposa kumtunda. Zomba linali likulu la dziko lino mpaka 1975 pamene boma la Kamuzu Banda linasamutsira likulu ku Lilongwe, ndipo aphungu anapitiriza kukumana konkuno mpaka 1994. Nyumba zakale za boma zikadalipo m'munsi mwa phiri, pakati pa mitengo ikuluikulu.

Malo amene ndimawakonda ndi munda wa zomera wa Botanical Gardens. Unayamba mu 1891, nthawi ya Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, ndipo anauyambitsa ndi Alexander Whyte, yemwe dzina lake lili m'dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje. Muli mthunzi, kapinga wothamangapo, nsungwi zazitali, timilatho, ndipo mtsinje wa Mulunguzi womwe uja umadutsa momwemo. Apusi aliponso, ndiye za chakudya zija musaiwale.

Polowa m'tauni kuchokera ku Blantyre pali chipilala cha njerwa cha asilikali a King's African Rifles, chokumbukira amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Mphindi 15 zakwana. Wachisamba wanga anadabwa kumva kuti anthu a kuno kwathu anamenya nawo nkhondo imene amaiwerenga ngati ya azungu. Pafupi pomwepo pali Cobbe Barracks, choncho kamera iloze ku chipilala kokha. N'chimodzimodzinso ku State House. Msika wa Zomba ngwokoma kuyendamo, matemba a ku Chilwa, mpunga, miphika, zipatso, koma mwana agwiridwe dzanja.

Tingaphatikize ndi nyanja ya Chilwa kapena Liwonde tsiku lomwelo?

Ayi, lililonse ndi tsiku lakelake. Ku Kachulu, doko la Chilwa, msewu ndi wafumbi, kumatentha, mthunzi ngwosowa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, moti m'chilimwe imabwerera kutali n'kusiya matope, ndipo zaka zina monga 1968, 1995 ndi 2018 inaphwa pafupifupi yonse. Mbalame ziliko zambiri, koma madzi ake odekha ndi ofunda ndi kwawo kwa nkhono zofalitsa likodzo. Mwana asaviikemo phazi.

Ku Liwonde National Park, imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2015, kuli njovu, mvuu, ng'ona, ndi mikango imene inabwezeretsedwa mu 2018. Koma kumafuna mwana wotha kukhala m'galimoto maola angapo osatuluka ndiponso osakuwa. Wanga wachiwiri sanafikepo.

Mwana akadwala m'njira kapena titabwerako?

M'chikwama mukhale kabuku kake ka kuchipatala, Panado wa ana, mapulasitala, sopo ndi mapaketi a Thanzi ORS, osungunula monga alembera pa paketipo. Mwana amene sanakodze kuyambira m'mawa, milomo yauma, wafooka, kapena khanda limene liwombo lalowa, akusowa madzi m'thupi. Mwetsani pang'onopang'ono, woyamwa ayamwe pafupipafupi, ndipo tsikani. Akagunda mutu pamwala kenako n'kumasanza kapena kuodzera modabwitsa, musadikire kufika ku Blantyre, chipatala chachikulu chili m'tauni momwemo.

Thupi likatentha mutabwerako, kayezetseni malungo, musangoti ndi kutopa kapena madzi ozizira aja. Malungo amatenga sabata kapena kuposa chilumidwireni ndi udzudzu, ndiye akadwala usiku womwewo, udzudzu wake ngwa kunyumba kwanu, phiri musalinamizire.

Mwana wamng'ono chonchi adzakumbukira n'komwe? Si kungotaya ndalama?

Mzime sadzakumbukira, zoona. Enawo amakumbukira, koma osati zimene inu munalipirira. Chaka chatha titabwerako apongozi anaimba foni, ndipo ndinapatsa wachiwiri kuti afotokoze. Ndinkayembekeza mathithi, damu, mwina Mulanje amene tsiku limenelo anaoneka bwino. Iye anati, "Agogo, nyani anaba chigumu cha adadi, ndiye adadi anathawa." Bambo ake mpaka lero amati sanathawe, ankakatenga ndodo.

Lolemba pochapa ndinapeza m'matumba a kabudula wake miyala isanu ndi umodzi, chipatso chouma cha paini chonga kachinanazi, ndi sitiroberi imodzi yophwanyika imene ankasungira aphunzitsi ake. Banga lake silinachoke. Kandodo kaja kali kuseri kwa chitseko, ndipo aliyense wokagwira amayambana naye.